Chibowo cha Tauno

Zaka makumi atatu ndinali wogwira thaulo.
Ntchito yanga inali yomweyo basi:
kuima pa matabwa a m'mphepete mwa Kallavesi,
chipewa chaubweya mpaka m'makutu,
kuonerera mwamuna wamkulu ndi ndevu zake
akutsika makwerero achitsulo,
kabudula wofiira yekha ndi magolovesi,
n'kumakuwa ali m'kati: Orvokki, lero ndi ofunda!
Bodza lomwelo Loweruka lililonse.

Tinamuika m'manda mu Novembala, nyanja isanaundane.
Inaundana pambuyo pake, usiku umodzi wokha.
Pofika Khirisimasi inali gwa, yoyera mbee,
ana a kwa Pesonen akukokerapo galu wokana kuyenda.

Nkhwangwa yake ndinaipeza kuseri kwa chitseko cha sauna,
mpini wakuda ndi thukuta la manja ena.
Ayezi sang'ambika ngati nkhuni.
Amayamba wabuula, kubuula kwa pansi, kopita kutali,
kenako tizidutswa timakuthamangira m'maso,
kenako madzi akuda bii amakwera mwakachetechete
kudzaona amene wagogoda.

Raili wa ku famase ndiye anandigwirira thaulo.
Anati usadumphe, utsike. Mutu usamize.
Upume ngati ukuuzira supu wotentha.
Ndiwerenga mpaka makumi awiri,
ukapitirira apo ndikukoka ndi tsitsi.

Dzuwa la Januwale linali litangosuzumira,
lija lotuluka mochedwa ngati wantchito wotopa nayo ntchito.

Khwerero loyamba, mapazi anandikana.
Lachiwiri, singano chikwi m'mawondo.
Lachitatu sindilikumbuka.
Chimene ndikumbuka ndi mawu amene anatuluka pakamwa panga,
mawu opanda chilankhulo,
amene sindinawatulutse kuchipatala,
ngakhale kumanda, pamene abusa anandigwira phewa.

Zisanu, anatero Raili. Zisanu ndi chimodzi.

M'madzi amenewo simulowa kalata ya penshoni.
Simulowa nsapato zake zili pakhomo zija,
zimene ndimazilambalala posesa,
kapena mlongo wake wa ku Oulu wofunsa za bwato.
Zonse zinatsala pamwamba ndi thaulo.
Munali mtima wokha, ukumenya nthiti
ngati munthu amene wamutsekera m'chipinda,
ndi mpweya wanga, utsi woyera pamwamba pa madzi akuda,
ndi kansomba, kapena tsamba, sindidziwa,
kamene kanandikhudza pantchafu n'kupitirira.

Ndinamukwiyira, ndinene zoona.
Zaka zonsezi iwe unkabwera kuno wekha
kudzatula mutu wako,
ine ndili apo ngati chokolekapo zovala.
Koma anandiitana kangati?
Loweruka lililonse.

Khumi ndi zisanu ndi zitatu. Tuluka, mayi iwe.

Manja anachita dzanzi, chitsulo sindinachimve.
Ndinakwera ndi zigongono, mopanda ulemu,
mano akuombana okha, mphuno ikuchucha.
Ndiye nditaima pa matabwa paja
moto unayamba kumapazi,
unakwera m'miyendo, kumsana, mpaka kuseri kwa makutu,
khungu lonse psuu, likufuka nthunzi,
ndipo ndinaseka, kuseka koipa, kwa khwangwala,
mpaka galu wa kwa Pesonen anauwa kutsidya.

Bwanji? anafunsa Raili.
Ndinatsegula pakamwa, mawu a Tauno ali kale pa lilime.
Sindinawanene. Ndi ake.
Ndinati ndipatse khofi.
Iye anati yamba wavala nsapato.

Chibowo sichichedwa kupola.
Usiku uliwonse chimamera kakhungu kopyapyala,
m'mawa ndimapita ndi tochi kukakaswa ndi mpini,
ngakhale masiku amene sindilowamo.
Dzulo ndinapeza mapazi a nkhandwe
atazungulira kawiri, n'kubwerera kunkhalango.
Thaulo ndimalisiya pa msomali tsopano.
Limauma gwa ngati thabwa,
ndimachita kulipinda ndi bondo.